Edinburgh mu Ogasiti: tiyambire pati abale?

Abale anga, amene munafikako ku Edinburgh, likulu la Scotland, nthawi ya zikondwerero za mu Ogasiti, ndithandizeni nzeru. Ine ndi mayi akunyumba tili ndi masiku anayi okha, koma nditaona ndandanda wa Fringe, chikondwerero chachikulu cha zisudzo, nthabwala ndi nyimbo, mutu unangozungulira. Zionetsero zoposa 3,000 m'masabata atatu! Munthu ungayambire pati?

Ine ndimakonda nthabwala, iwo amakonda zisudzo ndi nyimbo. Zionetsero zambiri za Fringe zimatha pafupifupi ola limodzi, ndiye pa tsiku tingaonere zingati osafooka, poganizira kuyenda pakati pa malo ochitirako zionetsero, monga kuchoka ku Pleasance kupita ku Underbelly kapena ku Assembly, kudutsanso m'chikhamu cha pa msewu wa Royal Mile?

Chikundisokoneza kwambiri ndi Free Fringe, komwe umalowa ulere, potuluka wanthabwala waima pakhomo ndi ndowa kuti uponyemo kangachepe. Kodi zimakhala zabwinodi, kapena ungapezeke m'kachipinda kapansi pa bala, anthu asanu okha, ukuseka chifukwa chomumvera chisoni? Nanga kangachepeko ndi mapaundi angati kuti mwiniwake asaone ngati wamunyoza?

Za nyimbo ku Usher Hall, za chikondwerero china cha International Festival chomwe chinayamba mu 1947 chaka chimodzi ndi Fringe, ndikuganiza zogula matikiti msanga. Tattoo ya pa Edinburgh Castle, yomwe ndi chionetsero cha magulu oimba a asilikali, ine sindikuifuna kwenikweni, koma mayi aumirira, ndipo mukudziwa mmene nkhani zotere zimathera.

Malo ogona nawo akwera mtengo zedi. Kodi kugona ku mzinda wa Glasgow n'kumakwera sitima tsiku lililonse n'kwanzeru, makamaka chionetsero chikatha usiku kwambiri?