Wodwala bipolar akasiya fodya, mankhwala ake mumatani nawo?

Anzanga azaumoyo kuno ku Kasungu, ndithandizeni nzeru pa odwala bipolar, aja nthawi ina amatakataka osagona, nthawi ina n'kukhumudwa kotheratu. Ambiri mwa iwo amasuta, ndipo kuno fodya sasowa, chingambwe amangopichira papepala ali pakhonde.

Vuto lili apa. Utsi wa fodya, osati nikotini, umachititsa chiwindi kuphwanya msanga olanzapine ndi clozapine, mankhwala a matenda a maganizo amene ena mwa odwalawa amamwa. Munthu akasiya mwadzidzidzi, mankhwalawa amachuluka m'magazi pakangopita masiku ochepa, ndiye amayamba kuwodzera masana ndi kumva chizungulire; wa clozapine angathe kugwa khunyu. Koma kuchepetsa mlingo mongoganizira n'koopsanso, chifukwa sabata yoyamba wosiya fodya amasowa tulo ndi kupsa mtima, ndipo kusagona ndiko kumadzutsa mania, kutakataka kopyola muyeso kuja. Bupropion, yomwe imathandiza kusiya fodya, sindikuiwerengera n'komwe, nayonso imatha kudzutsa mania.

Nanga poti m'zipatala zathu zing'onozing'ono sitiyeza mankhwalawa m'magazi, inu mumatani? Mumachepetsa mlingo akangosiya, kapena mumadikira zizindikiro? Mumamuitananso patatha masiku angati? Ndipo achibale mumawauza kuti ayang'ane chiyani kuti asiyanitse chibaba cha fodya ndi kuyambiranso kwa matendawa?