Kaseva ka mushopu sikakutseguka ndikakhala kutali, port forwarding (kuuza rauta kuti zochokera kunja izizipititsa ku kompyutayo) ndinaika kale

wa_Limbuli:
Abale thandizeni. Ndili ndi kompyuta yakale mushopu kuno ku Limbuli ndinaikamo pulogalamu yowerengera katundu, ili pa 192.168.8.50 port 8080. Pa wifi ya mushopumo imatseguka bwinobwino koma ndikangopita ku Limbe kukapikula katundu basi ziii, foni imangozungulira. Rauta ndi ya 4G yolowetsa simu ija. Ndikuphonya pati?

chitakale_boy:
Achimwene musanavutike ndi zina lowani mu rautamo muone pa WAN IP (adilesi imene netiweki yapatsa rautayo) palembedwa chani, kenako mufunse Google kuti IP yanu ndi chani. Zikasiyana, makamaka ya mu rautayo ikamayamba ndi 10 kapena 100.64 mpaka 100.127, dziwani kuti muli kuseri kwa CGNAT, adilesi imodzi yakunja mukugawana ndi anthu ambirimbiri ndiye olo mutsegule ma port onse palibe chingalowe, geti lenileni lili kwa eni netiweki osati kwanu. Ma data a pa simu ambiri amayenda choncho. DDNS ngati No-IP, yopatsa adilesi yanu dzina losasintha, sikuthandizaninso apa, ija ndi ya amene ali ndi public IP (adilesi yawoyawo yofikika kuchokera kunja) koma imangosinthasintha.

wa_Limbuli:
Ndaona, ikuti 100.72 chakutichakuti. Ndiye zanga zada eti?

chitakale_boy:
Ayi sizinade kkkk. Mutha kufunsa a netiweki ngati amapereka public IP koma konzekerani kulipira. Ine ndikanakhala inu ndikanangoika pulogalamu ya Tailscale pa kompyutayo ndi pa foni, mulowe ndi akaunti imodzi, ziwirizo zimapezana zokha osakhudza rauta n'komwe. Kwa munthu mmodzi ndi yaulere.

mayi_a_Luchenza:
Komanso bambo mwina CGNAT yakupulumutsani. Port ikakhala poyera ma bot (mapulogalamu osakasaka okha pa intaneti) amaipeza tsiku lomwelo n'kuyamba kuyesa kulowa ndi dzina ndi pasiwedi ngati admin admin usiku wonse, ndiye mitengo yanu ndi mayina a okongola katundu zili momwemo. Chinanso ndi magetsi athuwa, akathima n'kuyakanso rauta imatha kupatsa kompyuta nambala ina, 50 ija n'kukhala 103. Imangeni pa DHCP reservation mu rautamo kuti iziipatsa nambala yomweyo nthawi zonse, ndipo mu BIOS (ma setting a kompyuta amene mumalowamo ikungoyaka kumene) muike kuti iziyaka yokha magetsi akabwera apo ayi muziimbira mnyamata wa mushopu kuti akadine batani.

wa_Limbuli:
Zikomo mayi, za BIOS zo ndiona mawa, kiyibodi yake anabwereka a neba.