Habu yakumbuyo ija ikugwederabe: chotsatira ndi ichi

Achimwene a ku Chitakale amene munafunsa za njinga ya BMX yomwe gudumu lakumbuyo limagwedera, mwati mwamanga makoni (tizitsulo topanikiza timipira ta mu habu, pakati pa gudumu) koma patatha masiku 3 vuto labwerera. Apa cholakwa si kumanga kochepa. Nthawi zambiri nati yotsekera siinakanikizane ndi koni, ndiye koni imamasuka mukamatera polumpha.

Chotsani gudumu ndi mapegi (timapaipi topondapo ta m'mbali mwa gudumu). Yambani mbali ya tcheni: gwirani koni ndi sipanala yopyapyala, mumange nati molimba pa koniyo. Kusintha konse muchitire mbali inayo, pang'onopang'ono, mpaka ekiselo (chitsulo chodutsa pakati pa habu) izizungulira mofewa koma osagwedera.

Musanatseke, tsukani mkati mwa habu ndi palafini. Werengani timipira tachitsulo pochotsa. Pa ekiselo ya 3/8 inchi nthawi zambiri timakhala 9 mbali iliyonse. Koni ikakhala ndi timaenje, igulidwe ina basi, girisi sangaichize. Gudubuzaninso ekiselo pagalasi: ikamadumphadumpha, yapindika, ndipo nthawi zambiri mapegi ndi amene amachititsa.

Kuno ku Mulanje, ndi chiperoni ndi matope a m'misewu ya tiyi, pakani girisi watsopano miyezi 3 iliyonse. Tcheni isiyireni mpata wa sentimita 1.