Thandizeni pa za audit kuntchito kwathu

Abale anga a ku Joni kuno, makamaka inu munaphunzira za ma akaunti, tandithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ku kampani ina ya inshuwalansi ya nyumba ndi katundu ku Sandton, mbali ya ma claims, ndiye pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Munthu mmodzi yemweyo ndi amene amalowetsa ma supplier atsopano mu system, ma plumber okonza ma geyser aja, yemweyonso kuvomereza invoice mpaka ndalama kutuluka, palibe wachiwiri wosainira olo ndalama zichuluke bwanji. Sindikuti akuba ayi, koma khomo ndi lotsegula heavy.

A internal audit, ofufuza a mkati mwa kampani, anaziona, koma lipoti lawo limangothera pa desiki ya bwana wa zachuma, chonsecho King Code, ndondomeko ya kayendetsedwe kabwino ka makampani kuno ku South Africa, imati iwowa aziyankha ku audit committee ya board. Nanga munthu ungamufufuze bwanji amene amakusainira bonasi?

Ndiye ndiyambire kuti, kwa wapampando wa audit committee, kapena nkhani ngati iyi ndi ya Prudential Authority (bungwe loona ngati mabanki ndi makampani a inshuwalansi ali olimba pa zachuma) osati FSCA (bungwe loona momwe makampaniwa amachitira ndi makasitomala)? Komanso Protected Disclosures Act ya 2000 ija, lamulo loteteza oulula zolakwika kuntchito, imatetezanso ife obwera a work permit? Ana kumudzi akudalira ntchito yomweyi.