Jenereta ya m'galimoto yogonamo ikuzima ikangotentha

Wofunsa:
Akuluakulu anzanga, ndithandizeni, chifukwa ntchitoyi yandidyera masiku atatu ndipo mwini galimoto akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Ndalandira motorhome (galimoto yogonamo) yokhala ndi jenereta ya Onan ya petulo, ya 4 kW, ya silinda imodzi, ndipo mwiniyo akuvomera yekha kuti inakhala pafupifupi chaka chathunthu osailiza. Ikakhala yozizira imalira nthawi yomweyo n'kuyenda bwino kwa mphindi 10 kapena 15, kenako imayamba kukwera ndi kutsika ngati munthu wobanika, basi n'kuzima. Ndikayatsa AC (makina oziziritsa mpweya) ya padenga imazima msanga kuposa apo. Nyali ya pa switch ikuphethira katatu, ndipo ndikadina stop kamodzi ikundipatsa 36. Pulagi ndasintha, mafyuluta onse awiri ndasintha, oyilo ali pamlingo wake, kabureta ndaimasula n'kuitsuka kawiri. Ndikaisiya kwa theka la ola imaliranso ngati sipanachitike kanthu. Kodi ndikuphonya pati?

Mkulu wa injini zazing'ono:
Achimwene, nambala 36 ikungonena kuti injini yazima yokha popanda kulamulidwa, ndipo bolodi yoyang'anira jenereta sikudziwa chifukwa chake, choncho musayembekezere kuti ikulozerani malo. Vuto lanu ndi kabureta. Petulo wokhala chaka chonse m'kabakuli kake, makamaka wosakaniza ndi ethanol, amauma n'kusiya utomoni ngati vanishi m'timabowo tating'ono timene mankhwala opopera safikamo. Mutha kuitsuka kakhumi, idzakupusitsani tsiku limodzi n'kubwerera pomwe paja. Ikani yatsopano.

Wokonza magalimoto akuluakulu:
Musanagule chilichonse, tatiuzani kuti m'thanki muli mafuta ochuluka bwanji. Paipi yokokera mafuta a jenereta amaidula kuti ikhale yaifupi kuposa ya injini ya galimoto, kotero kuti mafuta akatsika kufika cha pa kota ya thanki jenereta imasowa chokoka, n'cholinga choti isakumalizireni mafuta mukagona kutali. Ine ndinatayapo tsiku lonse ndikumasula pampu yabwinobwino, pomwe galimotoyo inali itangoima pamalo otsetsereka ndipo mafuta onse anali atathawira mbali imodzi. Titaisuntha mamita ochepa chabe, jenereta inalira mpaka madzulo.

Wofunsa:
Bambo, thanki yapitirira theka ndipo galimoto yaima pamalo athyathyathya. Petulo wakale ndinamuchotsa tsiku loyamba.

Mayi wa zamagetsi:
Chimene chikundigwira mtima m'nkhani yanu ndi nthawi. Kabureta yotsekeka siidikira mphindi 15 kuti iyambe kuvuta, ndipo siichira yokha ikapuma theka la ola. Chimene chimafooka chikatentha n'kudzukanso chikazizira nthawi zambiri chimakhala pampu ya mafuta kapena koyilo. Choncho musaifufuze itazizira ayi. Ikangozima, yesani moto wa pulagi pomwepo, ndipo mukatero gwirani stop osasiya kuti pampu ikoke mafuta, mumvetsere ngati ikugunda mwamphamvu monga imachitira m'mawa. Ikazizirako pang'ono, masulani sikulu yokhetsera mafuta pansi pa kabureta muone ngati munatsala kanthu. Mukapeza mouma, kabureta ilibe mlandu, mafuta ndiwo sakufika.

Pamenepo ilizeni kuchokera m'chigubu chapadera cha petulo, paipi yaifupi yolowa molunjika ku pampu. Ikayenda ola lonse ndi AC, dziwani kuti vuto lili pakati pa thanki ndi jenereta, ndipo kawirikawiri imakhala paipi ya labala ya pamwamba pa thanki imene yang'aluka ndi ukalamba. Paipi yotere siidontha, chifukwa mbali imeneyo pampu imakoka, ndiye m'malo motulutsa petulo imalowetsa mpweya, ndipo munthu woyang'ana pansi kufuna dontho sapeza kanthu. Za mabulashi ndi ma slip ring (mphete zimene mabulashi amakhudza podutsitsa magetsi) ndikanazitchula ikanakhala kuti ikuzima mukangosiya batani loliza, koma yanuyi ikuyenda ndipo ikutulutsa magetsi.

Mkulu wa injini zazing'ono:
Mayi, ndikulemekeza nzeru zanu, koma mnzathuyu wanena kuti imakwera ndi kutsika isanazime. Kumeneko ndi kuchepa kwa petulo m'kabureta, ndipo gavanala, kachipangizo kosunga liwiro la injini, akulimbana nako. Ikakhala yozizira choki amabisa vutolo, ikatentha choki amatseguka ndipo matenda amaonekera. N'chifukwa chake ikuoneka ngati nkhani ya kutentha. Ndi kabureta.

Mayi wa zamagetsi:
Choki amatseguka m'mphindi zoyambirira, bambo, osati pa mphindi 15. Kukwera ndi kutsika kukuonetsa kuti petulo akuchepa, inde, koma sikukunena kumene akucheperako.

Wazaka zambiri pantchito:
Ine sindilowerera mkangano wa kabureta, koma za chigubuzo ndilankhulepo chifukwa ndinaona ndi maso anga. Mnyamata wina amene ndinkagwira naye ntchito anakhazika chigubu chotsegula pafupi ndi ekizozi, paipi itangolowetsedwa popanda chomangira. Injini itagwedezeka paipi inasololoka, pampu n'kupitiriza kulavula petulo wotsala pa chitsulo chotentha, ndipo moto unayaka kufika m'nsidze zake tisanagwire n'chozimitsira chomwe. Manja ake ali ndi zipsera mpaka lero. Chigubu chikhale pansi, kutali ndi ekizozi, paipi muimange mbali zonse ziwiri, chozimitsira moto chikhale m'manja mwa munthu wachiwiri.

Ndipo musailize m'kati mwa galaja ngakhale zitseko zili zotsegula. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya umene sununkha ndiponso suoneka, ndipo m'galimoto imeneyi mumagona anthu. Ngati mwakhudza ekizozi, onetsetsani kuti paipi yake ikutulukira kunja kwa bodi ndipo ilibe bowo, komanso muyese alamu ya mpweyawo musanabweze makiyi. Chinanso, lekani kuyatsa AC pamene injini ikukwera ndi kutsika. Magetsi akamagwa chomwecho kompuresa imavutika, ndipo mudzapezeka mukulipira AC ya mwini wake pa ntchito ya jenereta. Yeserani ndi hitala yamagetsi.

Wokonza magalimoto akuluakulu:
Ndiwonjezere pomwepo. Zikapezeka kuti ndi pampu, musatenge ya galimoto ya fuel injection n'kuikapo chifukwa choti ili pafupi. Mphamvu yake imagonjetsa singano ya m'kabureta, petulo amasefukira n'kutsikira mu oyilo, ndipo injini imadzidya m'kati mwakachetechete. Masikulu a gavanala nawonso asiyeni ngati mulibe mita yoyezera frequency (ma Hz a magetsi). Jenereta imeneyi iyenera kuzungulira pa 3600 rpm kuti ipereke 60 Hz ndi 120 V, ndipo khutu lokha silingakuuzeni zimenezo. Ndalandirapo ambiri amene anabwera ndi vuto limodzi n'kuchoka kwa makaniko wina ali ndi atatu chifukwa cha masikulu amenewa.

Wa m'galaja ina:
Kodi mukuiliza chivundikiro chili chotsegula? Bokosi lake linapangidwa kuti mpweya wozizira udutse njira yake, ndipo mukachotsa chivundikirocho mpweya umathawira kunja, injini n'kutentha kuposa mmene iyenera. Ine ina ndinaipeza mbewa zitamanga chisa cha nsanza ndi mapepala pakati pa zipsepse za silinda, ndipo nayonso inkazima ikatentha. Yokhala chaka osalira, ndingayambe ndaunika m'menemo ndi tochi.

Wofunsa:
Chivundikiro ndakhala ndikuchichotsa nthawi zonse kuti ndiziona pampu, ndipo sindinaganizeko zoti chingasinthe kanthu. Mawa m'mawa ndiyesa kaye chili chotseka, ikazima ndiona moto wa pulagi ndi kabakuli monga anenera mayi, kenako chigubu, panja. Mwini wake wandipatsa mpaka Lachisanu.

Mkulu wa injini zazing'ono:
Yesani zonsezo, palibe choipa, koma itanitsiranitu kabureta lero kuti Lachisanu lisakupezeni mukudikira katundu. Ndipo mumuuze mwiniyo kuti buku la jeneretayi limati aziiliza maola awiri mwezi uliwonse, itasenza pafupifupi theka la mphamvu yake. Akanatero, bwenzi tonsefe tisakulemba pano.

Wazaka zambiri pantchito:
Pamenepo pokha ndikugwirizana nanu. Ambiri amailiza mphindi zisanu popanda katundu n'kumati aisamalira, pomwe yangosonkhanitsa chinyezi mu oyilo ndi m'ekizozi osatentha mokwanira kuti chiume. Maola awiri nthawi imodzi amaposa kuliza kwa nthawi yochepa kasanu.

Mayi wa zamagetsi:
Achimwene, kodi m'kabakuli muja munapeza petulo kapena munali mouma?