Hook ya F-16 yandiimitsa mutu, thandizeni Lachinayi lisanafike

Mphunzitsi_B1: Akuluakulu ndithandizeni msanga. Lachinayi ndili ndi kalasi ya landing gear ndi ana a chaka chachiwiri, ndiye mu ma notes amene ndapatsidwa, olemba abwana anga enieni, muli chithunzi cha ndege yankhondo ya F-16, hook (mbedza ya kumchira yokolera waya potera) ili pansi ndipo alembapo kuti hook imeneyi ndi yoti ndegeyo izitha kutera pa carrier, sitima yapamadzi yonyamula ndege zankhondo. Funso lomwelo aliikanso mu test, mamalikisi 5. Ine ndikudziwa kuti sizoona koma munthuyu ukamuuza pakamwa amangoti "nanga hook anaikiranji", basi nkhani yatha. Ndani ali ndi sink rate, liwiro lotsikira pansi ndege ikamagunda potera, ya ndege za kumtunda ndi za pa carrier? Musanditumize ku Google chonde, ndachokera komweko.

Oleo_Strut: Aphunzitsi lembani izi. Gear ya ndege ya kumtunda amaipangira cha m'ma 10 ft/s, ya carrier cha m'ma 24 ft/s. Ndipo musaiwale energy imapita ndi square, ndiye si kawiri ayi, ndi pafupifupi ka 6. Pa carrier palibe za flare, zodzutsa mphuno kuti itere mofewa, amangoibwanyula pa deck ngati thumba la chimanga likutsika mu lole kenako throttle yonse kutsogolo kuti akaphonya waya adzukenso. Tsono yang'anani timiyendo ta F-16 tija muyerekeze ndi ta F/A-18. Hook ya F-16 ndi ya ngozi, mabuleki akakana kapena wasiya kunyamuka (abort) mochedwa, imakola chingwe choimitsira ndege cha BAK-12 pa runway ndipo chingwecho chimakulola kuthamanga nacho mamita pafupifupi 300. Waya wa pa sitima amakuimitsa pa mamita 100 okha, masekondi awiri, ukuchokera pa 240 km/h.

Madala_Torque: Ana inu mumakonda manambala. C-130 Hercules inatera pa carrier ya USS Forrestal mu 1963, kutera kokwana 21 mpaka kuima, kunyamukanso ka 21, popanda hook popanda catapult, makina oponyera ndege ponyamuka. Woyendetsa anali James Flatley. Chimndege chonsecho. Ndiye kandege kakang'ono ngati F-16 kalephere bwanji? Abwana anuwo sanalakwe kwenikweni.

Oleo_Strut: Madala, Hercules ili ndi reverse pa ma prop, imakankhira mphepo kutsogolo kuti iime msanga, ndipo imabwera pang'onopang'ono, mapiko ake mwawaona kutalika. F-16 reverse aitenga kuti?

Mayi_Avionics: Komanso tiyerekeze yatera mwa chisomo, inyamuka bwanji? Nose gear yake ilibe launch bar, chitsulo chokolekera ku catapult, catapult igwira pati? Ndipo itati yagwira ndiye mwendo wakutsogolo upita wokha m'nyanja ndege itatsala pa deck kkkk. Achimwene a B1, ana awonetseni YF-17 ndi F/A-18 pambalimbali. Mbewu ndi imodzi koma Navy itaitenga anachita kuipanganso, gear ina, mapiko opinda, thupi lolemera. Chimodzimodzi Su-27 kukhala Su-33, MiG-29 kukhala MiG-29K, Hawk kukhala T-45. Rafale M ikulemera kuposa ya kumtunda ndi makilo pafupifupi 500. Bwenzi akuwonongeranji ndalama zonsezo ikanakhala nkhani ya hook yokha.

Sipanala10: Kkkk tiiyese pa Ilala tione. Koma zoona zake nkhani ya hard landing musamaseke nayo. Ine ndili kachinyamata pa kampani ina, dzina ndisatchule, ka turboprop kanatera moipa usiku ndipo captain sanalembe kanthu mu tech log. M'mawa ndikuchita walkaround ndikuona chrome ya oleo (shock absorber ya mwendo wa ndege) yakumanzere ikuoneka zala ziwiri zokha pomwe inayo zala zinayi, mafuta akudontha pa tayala. Ndinaitana supervisor, iye akuti ingopopa nitrogen ipite, ma passenger ali kale pa gate. Ndinakana kusaina. Titatsegula tinapeza crack pa attachment, ka mzere kakang'ono ngati tsitsi, kooneka ndi dye pen basi, utoto wolowa m'ming'alu uja. Ndege inakhala pansi masabata atatu ndipo munthu uja sanandilankhule mwezi wathunthu. Imeneyo inali runway yosasuntha, ndiye muziganiza deck yoti ikukwera kukumana nawe.

Madala_Torque: Mukuzungulira. Funso ndi loti zingatheke kapena ayi. B-25 zokwana 16 zinanyamuka pa USS Hornet mu April 1942, ndege za kumtunda zimenezo. Ma Hurricane anatera pa HMS Glorious mu June 1940 opanda hook, anangoika matumba a mchenga kumchira. Ndiye mukuti chiyani? Hercules ija simunandiyankhebe bwinobwino.

Mayi_Avionics: Bambo, ma B-25 aja anakwezedwa ndi crane padoko ndipo palibe inabwerera pa sitimayo. Hurricane imatera pa liwiro loti galimoto pa M1 ikhoza kuipitirira, onjezani mphepo ya pa deck. Ndipo Spitfire atayipanga Seafire, ya pa carrier, inavuta miyendo, ku Salerno mu 1943 zambiri zinathera pa deck penipenipo osati kuwomberedwa. Ife tikunena jeti.

WaMafuta: Palibe watchula mafuta. Pa carrier za America amagwiritsa JP-5, flash point (kutentha komwe nthunzi yake imayamba kugwira moto) 60°C, pomwe JP-8 ndi Jet A-1 yathuyi ndi 38. Si zongosewera kulowetsa ndege ya mafuta ena mu hangar ya pansi pa deck, moto wa pa sitima ulibe kothawira. Kenako mchere. Ndinagwirako ntchito kugombe zaka zinayi, ndege yogona panja miyezi ingapo ukatsegula panel umapeza ufa woyera pa ma rivet, ma connector obiriwira. Uko ndi kumtunda, mphepo chabe. Pa deck madzi amchere amachita kukuwaza.

Oleo_Strut: Koma aphunzitsi samalani, musakanene kuti "sizinachitikepo", mwana wochenjera akugwetsani. Harrier GR3 za RAF zinagwira ntchito pa HMS Hermes mu 1982 nkhondo ya Falklands, ndipo zinali za kumtunda. Kungoti imeneyo imatera choimirira, ndiponso anayamba azikonza kaye, pomangira matcheni ndi kutseka malo olowa madzi amchere. Kubwerera kwinaku, ndege ya pa carrier kugwira ntchito kumtunda, ndiye kosavuta, Finland, Switzerland ndi Canada akuuluka F/A-18 alibe carrier, South Africa inali ndi Buccaneer. Ngakhale F-35C yopangidwira sitima hook yake yoyamba inkalumpha waya pa ma test mpaka anaikonzanso.

Sipanala10: Chenjezo langa ndi lina. Osakawatsutsa abwana pamaso pa ana, kapena pa gulu la staff. Apititseni pambali ndi pepala. Ndipo ma slide musasinthe mwakachetechete, ngati notes zili approved ndiye kusintha kumadutsa kwa quality, apo ayi audit ikabwera wolakwa ndinu. Test ija ndiye yoopsa, ana akalemba zoona marking scheme iwalakwitsa.

Mphunzitsi_B1: Ndiye vuto langa lenileni limenelo, a quality ali pa tchuthi mpaka Lolemba. A Oleo, 24 ft/s ija ili mu document iti yoti ndingasindikize?

Madala_Torque: Sindikizani chithunzi cha Hercules pa Forrestal. Inatera, ka 21.

WaMafuta: Madala mwayambanso kkkk. A Sipanala, crack ija munaipeza ndi dye pen yofiira wamba kapena fluorescent? Kuno akutikaniza yofiira pa ma gear parts, ndikufuna ndidziwe ngati kwanuko ndi chimodzimodzi.

Sipanala10: Nthawi imeneyo yofiira. Pano mukafunse a NDT, ofufuza ma crack osawononga chitsulo, ine level yanga inatha chaka chatha sindinakonzenso.