Kamba wa kasitomala akulira likhweru popuma, ndiyambire pati?

Wothandizira dotolo wa ziweto, Area 25: Akuluakulu mwaswera bwanji? Lero ndaitanidwa ku Area 43 kukaona wodwala wachilendo, kamba. Ndi wamkulu ndithu, wachigoba chokwera chachikasu chamawangamawanga akuda, pa sikelo wakwana makilogalamu 4. Mayi a pakhomopo akuti sabata ino sakudya, ndipo akamapuma pakumveka kalikhweru. Ndamvadi ndekha, komanso m'mphuno mukutuluka tithovu. Mayiwo akufuna ndimubaye jekeseni wa njoka zam'mimba ngati uja timabaya mbuzi, akuti mwina ndi nyongolotsi zakwera kukhosi. Ndawauza kuti ndibwera mawa. M'chikwama ndili ndi ivermectin (wa njoka zam'mimba uja), oxytet LA (wopha mabakiteriya) ndi dexa (wochepetsa kutupa). Ndiyambire pati?

Adokotala a ku Area 3: Achimwene, ivermectin yo isatuluke n'komwe m'chikwamamo. Kwa kamba ndi poizoni. Imalowa mu ubongo, miyendo imalobodoka, minofu yopumira imaleka kugwira ntchito, kenako wapita. Ngakhale kadontho. Dexa nayonso ikhale, imafooketsa chitetezo cha m'thupi chomwe chafooka kale. Mwachita bwino kunena kuti mubwera mawa.

Tisanakambe za mankhwala ndiyankheni izi. Amagona pati? Thovulo likutuluka mphuno imodzi kapena zonse? Akupuma atatseka pakamwa kapena akuyasamula atatambasula khosi? Pakhomopo alipo kamba wina?

Wophunzira, Bunda: Pepani kulowerera, funso langa ndi la mwana wasukulu. Kamba aliyense ukamunyamula amachita "fuuu". Tingasiyanitse bwanji zimenezo ndi matenda?

Adokotala a ku Area 3: Funso labwino mwanawe. "Fuuu" ameneyo si matenda. Kamba akadzidzimuka n'kubweza mutu ndi miyendo m'chigoba, m'katimo malo amachepa ndipo mpweya umatuluka mwamphamvu kamodzi, basi. Ukamusiya pansi n'kukhala phee, wathanzi amapuma osamveka, umangoona miyendo yakutsogolo ikusuntha pang'ono. Ngati ali chikhalire palibe womusokoneza koma likhweru likumveka pa mpweya uliwonse, pamenepo pali nkhani.

Kumbukira mmene thupi lake lilili. Mapapo ali pamwamba, amamatira kunsi kwa chigoba chakumsana. Nthiti zake ndi chigoba chomwecho, sizifutukuka. Alibenso mnofu uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba umene mbuzi kapena galu amapumira, iye amakoka mpweya ndi minofu ya m'mbali mwa miyendo. N'chifukwa chake kamba satsokomola. Mamina kapena mafinya akatsikira m'mapapo amangokhala momwemo, alibe njira yowatulutsira. Chimfine chomwe galu angachire yekha, kwa kamba chimatha kukhala chibayo. Ndipo nyama zimenezi zimabisa matenda, pofika poyasamula pakamwa ndiye kuti zinthu zafika patali.

Wothandizira dotolo, Area 25: Ndawaimbira mayi aja. Masana amayendayenda pa kapinga, usiku mnyamata wa m'dimba amamulowetsa m'sitolo ya kuseri, pa simenti, pakona pomwe anathirapo utuchi. Thovu ndinaona mbali zonse ziwiri. Pakamwa sakuyasamula. Kamba wina alipo, wamng'ono, bambo a pakhomopo anamugula kwa ana m'mbali mwa msewu wa ku Salima mwezi wathawu. Amagona limodzi. Chakudya ndi kabichi, tomato, nthawi zina mkute wa nsima.

Mayi a ku labu: Eee, simenti mu Julaye muno? Ife anthu m'bandakucha tikufunda mabulangete awiri. Lilongwe ili pamtunda, mamita opitirira 1,000, ndipo miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kumatha kuzizira kufika pansi pa madigiri 10. Kamba sadzipangira kutentha, thupi lake limatengera pamene wagona. Akazizidwa chitetezo chimagona, chakudya sichigayika, ndipo mankhwala amene mungamubaye sayenda bwino m'thupi. Kubaya kamba wozizira n'kutaya mankhwala, mwinanso kumupweteka chifukwa amangounjikana. Utuchiwo nawo uli ndi fumbi lolowa m'mphuno, uchoke.

Mlangizi wopuma, Likuni: Ana inu mundikhululukire, ine ndagwira ntchito ya ng'ombe ndi madibi moyo wanga wonse, za akamba sindinaphunzire. Koma kwathu akamba ali mbwee m'tchire, Julaye amabwera chaka chilichonse, ndani amawayatsira babu? Ine ndikuona kuti nyamayo yatopa ndi mpanda. Akaisiye ku Dzalanyama ikadzichiritse yokha.

Adokotala a ku Area 3: Bambo, mbali yoyambayo mwalasa. Kutchire kamba amasankha yekha pogona. Amalowa pansi pa udzu wowirira kapena m'dzenje momwe mphepo sifika, dzuwa likatuluka amakawothera mpaka thupi litenthe, kenako n'kuyamba kudya. M'sitolomo sangasankhe kanthu, amadikira kuti wina atsegule chitseko.

Koma zokamutaya kutchire ndikukana. Chimfine cha akamba nthawi zambiri chimabwera ndi kachilombo kotchedwa Mycoplasma, ndipo amene wakatenga amatha kukhala nako moyo wonse ngakhale zizindikiro zitatha. Ku America, m'chipululu cha Mojave, matenda omwewa anapha akamba ambiri akutchire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri amaganizira kuti akamba oweta amene anthu ankawataya kutchire anathandiza kuwafalitsa. Kamba wa mphuno zathovu tikamuika ku Dzalanyama tapereka matenda kwa anzake onse.

Mlangizi wopuma, Likuni: Ndamva adokotala. Ndiye kuti zili ngati ng'ombe yogula pamsika, suilowetsa m'khola tsiku lomwelo.

Adokotala a ku Area 3: Ndi zomwezo bambo, koma kwa akamba kupatula kwake n'kwa miyezi, osachepera itatu, ena amati isanu ndi umodzi. Wamng'onoyo ndikumukayikira kwambiri. Akhoza kuoneka wathanzi koma ndiye wabweretsa.

Achimwene a ku 25, mawa mukachite izi. Muyambe mwamuyang'ana ali pansi musanamugwire, mumvetsere. Kenako muone mphuno ndi tochi. Thovu la mbali imodzi limandipangitsa kuganiza za kanjere ka udzu kolowa m'mphuno, nyengo ino udzu wauma, koma inu mwati mbali zonse. Muone zikope ngati zatupa ndi maso ngati alowa m'kati. Chofunika kwambiri, mutsegule pakamwa. Gwirani mutu kuseri kwa nsagwada ndi zala ziwiri, modekha, musalimbane naye, wamakilogalamu 4 ali ndi mphamvu ndipo akabweza mutu chala chimatsalira m'katimo. Mukaona zoyera kapena zachikasu zomatira pa lilime ndi kukhosi, muganize za kachilombo kena kotchedwa herpesvirus, nkhani yake ndi yoopsa kuposa. M'kamwa mwabwino mumakhala mofiirira pang'ono, mosalala. Stethoscope, chipangizo chomvera mapapo chija, pa chigoba chouma simva kanthu koma kukhwekhwereza, ikani kansalu konyowa pakati, komabe musaidalire. Ndipo musamugoneke chagada, ziwalo zonse zam'mimba zimatsamira pa mapapo.

Mnzanu wa ku Kanengo: Ndiwonjezereko chimodzi. Muone ngati ndi wamkazi, mchira waufupi, chigoba chapansi chosalowa m'kati. Kamba wamkazi amatha kukhala ndi mazira ngakhale palibe wamwamuna, ndipo akakanika kuikira amapanikiza mapapo. Mwala wa m'chikhodzodzo umachitanso chimodzimodzi. Pisani chala pa mpata wa kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo, nthawi zina umamva cholimba. Mukapita naye ku X-ray musalole chithunzi cha kuchokera pamwamba chokha. Chimenecho chimaonetsa mazira ndi miyala koma mapapo amabisika. Kamba akhale chilili pa kabokosi, makina ajambule cham'mbali komanso kuchokera kutsogolo, ndi pamene mapapo awiriwo amaoneka payekhapayekha.

Wothandizira dotolo, Area 25: Zikomo kwambiri nonse. Nanga kutenthetsa ndiwauze bwanji? Magetsi kumeneko amathimathima. Mnyamata uja anati akhoza kumuikira mbaula m'sitolomo usiku.

Mayi a ku labu: Mbaula ayi! Nyama ikuvutika kale kupuma, muiwonjezere utsi wa makala m'chipinda chotseka? Afa onse ndi mnyamatayo akalowamo. Apezereni katoni yaikulu kapena bokosi lamatabwa, pansi muyale manyuzi kapena matawulo akale, likhale m'nyumba momwe mukugona anthu, lisakhudze simenti. Usiku kusatsike pansi pa madigiri 22 mpaka 24 pamene akudwalapa. Masana akhale ndi mbali yotentha ya madigiri 30 mpaka 32 ndi mbali ina yozizirirapo kuti azisankha. Babu lipachikidwe pamwamba pomwe sangalikhudze. Magetsi akathima, mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsalu, aikidwe m'mbali mwa bokosi. Agule kachipangizo koyezera kutentha, kuyeza ndi dzanja kumanamiza. Ndipo dzuwa la Lilongwe ndi laulere, kukangofunda cha m'ma 9 koloko atuluke akawothere pamalo opanda mphepo, mthunzi uli pafupi. Dzuwa lodutsa pagalasi la windo silithandiza mafupa.

Tsiku lililonse amuviike m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 20, madzi ofika pachibwano basi, mphuno zikhale pamwamba, munthu ali pomwepo. Amamwa, amakodza, mamina amafewa. Akatha asambe m'manja ndi sopo chifukwa akamba amanyamula Salmonella, tizilombo totsegula m'mimba, makamaka ngati pakhomopo pali ana.

Wophunzira, Bunda: Tinaphunzira kuti kuchepa kwa vitamini A kumawononga khungu la m'kati mwa mphuno ndi maso. Poti akudya kabichi ndi nsima, osangomubaya vitamini A bwanji?

Adokotala a ku Area 3: Zoona, kumawononga, koma jekeseni wa vitamini A ukapyola muyezo khungu la miyendo ndi khosi limasupuka, zilonda zake zimatenga miyezi. Mavitamini a ng'ombe aja ndi amphamvu kwambiri kwa nyama ya makilogalamu 4. Njira yabwino ndi ya pakamwa. Kamba wamawangayo ndi wodya udzu. Apatsidwe kapinga wosapopera mankhwala, chisoso, nkhwani, masamba ndi maluwa a hibiscus, masamba a mabulosi, kadzungu pang'ono. Nsima ichoke lero lomwe, tomato akhale wa apo ndi apo.

Wothandizira dotolo, Area 25: Ndabwerako akuluakulu. M'kamwa muli bwinobwino, mulibe zomatira. Zikope zatupa pang'ono, mamina ndi oyera ngati madzi, mbali zonse. Ndi wamwamuna, mchira wautali. Tapita naye ku X-ray, adokotala a kumeneko ajambula monga ananenera achimwene a ku Kanengo, akuti mapapo ali bwino, mwala palibe. Wamng'ono uja ndamuona, chigoba chake chakumbuyo chimapindika n'kutseka miyendo. Mphuno zake ndi zouma, akudya.

Adokotala a ku Area 3: Ndiye tili ndi mwayi, matenda akadali kumtunda. Wamng'onoyo ndi mtundu wina, Kinixys. Ameneyo amadya bowa, nkhono, abongololo ndi zipatso zakugwa, amakonda pachinyezi pansi pa masamba. Ngakhale popanda matenda, awiriwa sayenera kukhala malo amodzi.

Za mankhwala tsopano. Masiku awiri oyamba kutentha ndi madzi basi, komanso kutsuka mphuno ndi saline (madzi amchere a kuchipatala) pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano, mutu utaloza pansi kuti madzi atulukire pakamwa asapite kumapapo. Akafunda ndi kumwa, muyambe enrofloxacin, mankhwala opha mabakiteriya, 5 mg pa kilogalamu, ndiye kuti 20 mg, kamodzi patsiku. Ine ndimakonda ya pakamwa chifukwa yobaya imawawa ndipo imawotcha mnofu. Oxytet LA muisiyire mbuzi, mafuta ake ndi okhuthala kwa timinofu ta kamba. Ena adzakuuzani za ceftazidime, 20 mg pa kilogalamu maola 72 aliwonse. Ndi wabwino pa chibayo cha mabakiteriya monga Pseudomonas, koma Mycoplasma alibe khoma limene mankhwalawo amaphwanya, ndiye pano sangagwire. Gentamicin musayerekeze pa kamba wosowa madzi m'thupi, impso zimapita. Tsiku lina mukadzafunika kubaya, bayani mwendo wakutsogolo.

Mayi a ku labu: Musanayambe mankhwalawo tengani swabu ya mamina (kutapako pang'ono ndi kathonje kuti akayezedwe). Funsani ku Central Veterinary Laboratory ku Bwemba ngati angakumeretsereni mabakiteriya n'kuona mankhwala amene angawaphe. Mycoplasma samera wamba pa mbale ya mu labu, ndiye zotsatira zikabwera zopanda kanthu musati mulibe. Koma zikakanika sabata ikubwerayi mudzakhala ndi poyambira.

Woyang'anira gulu: Ndikumbutse mbali imene sitikonda kuikamba ndi makasitomala. Kamba ndi nyama yakutchire, ili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017. Kusunga kumafuna chilolezo cha dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ndipo kugula pamsewu kuja n'kumene kumapangitsa ana kukatola ena. Ife ntchito yathu ndi kuchiza, sitikana wodwala, koma muwauze bambowo mwaulemu. Ngati sakufuna za mapepala, alankhule ndi a Lilongwe Wildlife Centre, ndipo awauze zoona kuti wamng'onoyo wakhala ndi kamba wodwala.

Wothandizira dotolo, Area 25: Lero ndi tsiku lachisanu la mankhwala. Likhweru likumveka m'mawa mokha, thovu lachepa, dzulo wadya maluwa a hibiscus ndi nkhwani. Mayi aja akondwa, akufunsa ngati tingasiye mankhwala ndi kumubwezera kusitolo chifukwa bokosi likuwatsekera njira pabalaza. Za wamng'onoyo bambo akuti aganizira.

Adokotala a ku Area 3: Mankhwala apitirire mpaka masiku 14, mukamuone kaye musanasiye. Muzimuyeza pa sikelo sabata iliyonse, kulemera kukamatsika mundiimbire. Akayamba kuyasamula pakamwa kapena kutambasula khosi popuma, musadikire gulu lino, thamangani naye. Muwauzenso mayiwo kuti chimfinechi chikhoza kubwerera chaka chamawa kukazizira, asadzati munawanamiza. Bokosilo alisunthire kuchipinda ngati likuwasokoneza, koma kusitolo sabwerera mpaka Seputembala, ndipo akabwerera apeze thabwa pansi ndi udzu wouma wopanda fumbi.